Ndevu za Apulezidenti

Amuna anga amafanana ndi pulezidenti. Sindikunena kufanana kwa patali kuja, koti munthu achite kutsinzina diso limodzi kuti akuvomereze, ayi. Chipumi chomwecho, masaya ogwa omwewo, ngakhale kayendedwe kopendekera kumanzere ngati m'thumba la jekete muli mwala. Chimene chinkasowa ndi ndevu za pamlomo zokha, ndipo nazonso anazisunga chaka chimene mkuluyo anapambana chisankho. Kuyambira pamenepo ntchito yawo yokonza mawotchi inagona, anayamba kudyera nkhope.

Ankawaitana m'maukwati, potsegulira masitolo, m'mapwando a makampani. Ankafika atavala suti yakuda, n'kutukula dzanja lamanja, n'kuyang'ana anthu pang'onopang'ono kuchokera mbali iyi mpaka mbali iyo, kenako n'kunena ndi mawu a m'mphuno aja kuti, "Abale anga, zonse zili m'manja." Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Inenso ndinkaseka, ndisaname. Sutiyo ndinkasita ndine, ndipo ndinkaisita mwaulemu kuposa za makasitomala.

Ine ndimagwira ntchito kochapira zovala, m'chipinda chakumbuyo kumene timasitira. Muli kazenera kamodzi kokha, cha kudenga, ndipo dzuwa likalowa limangosochera m'nthunzi. Tsiku lonse simbi zimapuma, fuu, fuu, ndipo malaya ositasita amayenda okha pa njanji ya pamwamba, atavekedwa mapulasitiki, kupita kutsogolo kumene eni ake amawadikira. Munthu ukaima m'menemo nthawi yaitali umayamba kulota uli maso. Pathebulo loyandikana ndi langa pamaima mnzanga amene timamutchula kuti Wailesi, chifukwa chiyambire sanapezeke munthu wodziwa pozimitsira.

Mwana tili naye mmodzi yekha, wamwamuna. Tsiku limene asilikali ankalemba anyamata pabwalo la mpira, anaitana amuna anga kuti akasangalatse anthu amene anali pamzere. Mwanayo anapita kukaonerera bambo ake. Anabwera madzulo atalembedwa usilikali, atametedwa mpala, maso akuwala ngati watola chinachake panjira. Nkhondo yake si yakuno ayi. Ili kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene dzina lake ndinayamba kulimva litayamba kale kudya ana a anthu.

Miyezi yoyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse. Ulendo womaliza anandiuza kuti, "Amayi, kuno kukuzizira moti ukachapa malaya n'kuwayanika, amauma gwa, amaima okha pansi ngati muli munthu. Inuyo ntchito ikanakuthawani." Ndinaseka, ndinamuuza kuti asamachape madzulo. Foni inaduka tisanatsanzikane. Kuchokera pamenepo, zii. Ku ofesi ya asilikali amatilandira bwino, amatipatsa mpando, n'kutiuza kuti gulu lawo lili malo opanda netiweki, tidikire.

Ndiye panali mzere uja wa pa kanema. Lachisanu lililonse, nkhani zikatha, pankabwera bambo wina wa magalasi atagwira kandodo, n'kumatilozera mzere wofiira wosonyeza anthu amene akukhutira ndi pulezidenti. Nkhondo isanayambe mzerewo unali pamwamba, cha kudenga la kanema. Kenako unayamba kutsika. Amuna anga ankakoka mpando kufupi, n'kumauyang'ana ngati munthu amene akudikira dokotala pakhomo la wodi. Mzere ukatsika, foni yawo inkachepa kulira. Oitana ku ukwati anayamba kupepesa kuti apongozi akana, akuti nkhope imeneyo iwononga zithunzi.

Ine mzerewo ndinkauona mwina. Ndikauyang'anitsitsa unkasanduka msewu wotsetsereka, ndipo ndinkaganiza kuti ukadzafika pansi penipeni, pamene pamadutsa timalemba tating'ono paja, anyamata onse adzatsetsereka nawo mpaka kwawo. Choncho amuna anga ankapempherera kuti ukwere, ine kuti utsike, tonse titakhala pa sofa imodzi.

Kuntchito nkhani inali yomweyo. Dalaivala wathu, amene amakatenga zochapa m'mahotela, ankatula mitolo pakhomo n'kuyamba kukangana ndi Wailesi asanapume n'komwe.

"Abwezeni ana a eni ake," ankatero Wailesi, simbi ili m'mwamba. "Nkhondo ya anthu ena, maliro akwathu. Zimenezo ndi nzeru?"

"Inu mayi inu, moto ukayaka kwa mnansi umakathira madzi komweko usanafike padenga pako," ankayankha dalaivala. "Tikachoka lero, ndiye kuti amene anafa aja anafera chiyani?"

"Ndiye tiwonjezere ena kuti oyambawo asasungulumwe?"

"Pakamwa panupo mudzamangidwa napo."

"Adzayambe amanga wakwanu uja wometa tsitsi, amene amatukwana boma lezala ili pakhosi pa wapolisi."

Akakumbukira kuti ndili pomwepo ankatsitsa mawu, n'kuyamba kukamba za mtengo wa sopo. Zimenezo zinkandipweteka kuposa mkanganowo. Ndinkafuna azikangana, azitchula nkhondoyo mokweza, chifukwa malinga anthu akuikangana ndiye kuti amene ali kumeneko sanaiwalidwe. M'basi namo zinali chimodzimodzi, wina akuti tipirire, wina akuti tatopa, kondakitala akuti onse awiri asunthe alowe ena.

Nthawi imeneyo kunayamba kubwera mayunifolomu ambiri a asilikali, aja a mabatani owala amene amavala ponyamula bokosi la maliro. Wailesi ankawakokera pathebulo lake msangamsanga kuti ndisawaone, koma nthunzi siibisa mabatani. Masana ena ndinakweza maso n'kuona malaya oyera akuyenda pa njanji paja, mmodzi pambuyo pa mnzake, mapewa ali chilili, ndipo ndinaona bwinobwino kuti ndi anyamata akutsika ndege. Ndinayamba kuwayang'ana mmodzimmodzi kufuna wanga. Ndinadzidzimuka ndi fungo la kolala ya munthu ikupserera.

Koma chimene chinandithyola msana si mzere, si mayunifolomu. Ndi za m'nyumba. Amuna anga anali ndi lamulo lawo la ntchito: akati akavala pulezidenti asamuvule pakati panjira, chifukwa mawu aja akathawa amavuta kuwagwiranso. Ankayeserera pagalasi m'mawa uliwonse, kutsanzira chilichonse chimene mkuluyo wanena dzulo lake. Poyamba ankasiyira pagalasi pomwepo. Kenako zinayamba kuwatsatira pathebulo. Ndikati shuga watha, ankati nkhaniyo aiunikira. Ndikati denga likudontha, ankati akhazikitsa komiti. Zinali zoseketsa mwana ali pakhomo.

Tsiku lina m'mawa ndikuwathirira tiyi, zinangondituluka. Ndinati, "Bambo, inuyo mumtima mwanu mukuona bwanji? Mwana wathu ali moyo?"

Anaika kapu pansi. Ndinaona dzanja lamanja likunyamuka lokha, mutu ukupendekera, ndevu zija zikugwedera.

"Mayi," anatero ndi mawu a m'mphuno, "anyamata athu ali bwino. Zonse zili m'manja."

Sindikhulupirira kuti anadziwa chimene achita. Anatenganso kapu n'kupitiriza kumwa. Ine ndinaima ndi ketulo m'manja, ndipo kunena zoona ndinalakalaka kuwathira madziwo kumaso. Ndinakaika ketuloyo kukhitchini n'kupita kuntchito osatsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwayang'ana kumaso. Ndinkalankhula ndi nsapato zawo, ndi mabatani a malaya, ndi khoma la kumbuyo kwawo. Pogona ndinkatembenukira kukhoma. Munthuyo ndinkamukonda, ndakhala naye kuyambira ndili mtsikana woonda ngati chingwe, koma nkhope yake ndinkadana nayo chidani chenicheni. Inali pa kanema, inali pa zikwangwani za mumsewu zimene anthu anayamba kuzipaka matope, inali pakhoma la ku ofesi ya asilikali pamwamba pa amene amatiuza kuti tidikire. Ndikafika kunyumba ndinkaipeza itavala silipasi zimene ndinagula ndekha.

Iwonso kunja sikunkawakomera. Anabwera tsiku lina tayi ili pambali, batani limodzi palibe. Akuti potsegulira sitolo ya matayala mayi wina anawagwira pakhosi, akufunsa kumene aika mwamuna wake. Anthu ankamuuza mayiyo kuti si iwowo, ndi wongofanana nawo, iye n'kuyankha kuti akudziwa, koma enieniwo akawapeza kuti? Ndinasoka batanilo. Mumtima ndinali kumbali ya mayiyo.

Nditamufotokozera Wailesi, kwa nthawi yoyamba anakhala chete mpaka anamaliza malaya athunthu. Kenako anati, "Mnzanga, khoswe wakhala pamkhate. Ukagenda pulezidenti uphwanya mwamuna." Ndinati ndiye ndichoka ndine. Achemwali anga amakhala mzinda wina, ali ndi chipinda chimene chimangosungira makatoni, ndipo anali atandiuza kale kuti ndikafuna ndingobwera.

Loweruka masana ndinatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu n'kuyamba kulongedza. Amuna anga anali pabalaza, atavala thalauzi la suti ndi vesiti, akupukuta nsapato. Mawa lake anali ndi ntchito, yokhayo imene inatsala mwezi wonsewo, phwando la munthu wina wopuma pantchito. Ankamva ndithu zipi ya chikwama, koma sanafunse. Kunja kunali dzuwa loyera la masana, lija limachititsa kuti mumsewu mukhale ngati anthu onse asamuka.

Foni yanga inalira pathebulo la pabalaza. Nambala yachilendo. Amene sanadikirepo mwana sangamvetse chimene nambala yachilendo imachita m'chifuwa cha munthu. Ndinathamanga, ndinagunda bondo pampando, ndinayankha ndi manja awiri.

Anali mawu a mtsikana, aulemu, otopa. Anati akuimba kuchokera ku bungwe lochita kafukufuku, nambala yanga yangosankhidwa mwamwayi, kodi ndingawapatse kanthawi kochepa? Ndinakhala pampando moyang'anana ndi amuna anga. Ndiye mzere uja umachokera kumeneku, ndinaganiza. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti bambo wa kandodo uja amangoujambula yekha.

"Mayi, kodi mukukhutira ndi mmene apulezidenti akuyendetsera nkhondo? Mukukhutira kwambiri, mukukhutira pang'ono, simukukhutira, kapena simukudziwa?"

Ndinakweza maso. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri ndinayang'ana nkhope ija, chipumi, masaya, ndevu. Ndinaika foni pathebulo n'kutsegula sipika kuti onse amve.

"Mwana wanga, apulezidenti ali pompano, akupukuta nsapato," ndinatero. "Ndiye ndiwauza okha, iwe uzingomvera. Ine sindikufuna kumva kuti zonse zili m'manja. M'manja mwa ndani? Ndatsegula manja angawa, mulibe kanthu. Ndinafunsa funso limodzi, laling'ono, loti bambo wa mwana akanatha kungoyankha kuti kaya, mkazi wanga, inenso ndikuopa. Ndikanalira nawo, tikanamwa tiyi wathu. Koma anandiyankha ngati ndine msonkhano. Mwana anapita kukaonerera bambo ake akuseketsa anthu, anabwerako ali msilikali, ndipo mpaka lero sindinamvepo bambo akewo akutchula dzina lake. Amati anyamata athu. Ine sindinabereke anyamata athu, ndinabereka mmodzi."

Amuna anga anali atagwira nsapato ndi burashi, osasuntha. Pafoni pankangomveka patali mawu a atsikana ena akufunsa anthu ena funso lomwelo.

"Pepani mayi," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Achimwene anga nawonso ali komweko. Koma pano pali mabokosi anayi okha, ndiyenera kuchonga limodzi."

"Chonga kuti sindikukhutira."

"Ndachonga. Latsala limodzi. Chisankho chitachitika lero, mungawasankhenso?"

"Awo a pa kanema ayi," ndinatero. "Awa a m'nyumba muno ndalongedza kale chikwama, basi ya madzulo."

Mtsikanayo anathokoza, anandifunira tsiku labwino monga anamuphunzitsira, foni n'kuduka. Mkwiyo unali utatuluka wonse n'kusiya malo opanda kanthu. Amuna anga anaika nsapato pansi bwinobwino, pafupi ndi inzake, n'kulowa kubafa. Ndinamva mpope ukutseguka. Ndinaganiza kuti akukasamba kumaso kuti abwere ndi mawu ena okonzakonza, ndipo ndinadzuka kuti ndikatseke chikwama.

Anabwera ndi beseni la madzi ofunda, sopo, thaulo paphewa, lumo ndi lezala. Anakokera mpando pafupi ndi zenera pamene pankagwa dzuwa, anakhala, n'kundipatsa lezalayo. Dzanja lawo linkanjenjemera, dzanja lomwe lija linkatola tizitsulo ta wotchi tosaoneka ndi maso.

"Ndayesa ndekha, ndikulephera," anatero. "Mundimete ndinu, mayi."

Mawuwo sanali a m'mphuno. Anali mawu awo akale, okhuthala pang'ono, okokera kumapeto, amene ndinali nditaiwala kuti alipo.

"Nanga phwando la mawa?"

"Akaitane enieniwo. Akuti masiku ano alibe kopita."

Sindinafune kuseka, koma kaphwete kanatuluka kamodzi m'mphuno. Ndinawakulunga thaulo m'khosi, ndinapaka sopo mpaka thovu linakwirira pakamwa ponse. Anatseka maso. Ndinayamba ndi lumo, kudula zazitali, tsitsi lakuda lopaka mankhwala likugwera pathaulo, kunsi kwake kuli imvi zokhazokha. M'nyumba munali bata loti ndinkamva wotchi ya pakhoma ndi ntchentche imodzi pagalasi la zenera. Nthunzi ya m'beseni inkakwera m'dzuwa pang'onopang'ono.

"Sindikudziwa ngati ali moyo," anatero maso ali chitsekere, milomo ikuyenda pang'ono pansi pa thovu. "Tsiku lija pabwalo ndinamuona ali pamzere. Ndinali pakati pa mawu, anthu akuseka. Ndinati ndikamaliza ndikamukoka. Nditamaliza anali atalowa kale mu tenti. Ndikakhala pulezidenti, mayi, ndimakhala ndi choyankha. Ndikakhala ine ndilibe."

"Khalani chete, ndingakuchekeni."

Kenako anatchula dzina la mwana, kamodzi, motsitsa, ngati akumudzutsa kuti apite kusukulu. Ndinagwira chibwano chawo ndi zala zitatu, n'kuyendetsa lezala kuchokera pansi pa mphuno kutsika, mbali iyi, kenako inayo, kutsukuluza m'beseni, kubwereranso. Khungu la pamenepo linali loyererapo kuposa nkhope yonse, lofewa, losaonapo dzuwa zaka zambiri. Ndinanyowetsa nsonga ya thaulo n'kupukuta thovu lotsala.

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione ngati ndasiya pena, ndipo lezala inagwera m'madzi.

Mlomo wa m'mwamba unali waufupi, wokwera pang'ono kumanzere, ngati munthu amene akubisa nthabwala. Pamene amuna anga ankayamba kusunga ndevuzo, mwana anali asanakhwime nkhope, ndiye sindinakhalepo ndi mpata woika awiriwo pamodzi. Tsopano pampando paja, m'dzuwa lija, panakhala mwana wanga. Anali ndi imvi m'mbali mwa makutu, makwinya m'maso, khosi lolendewera pang'ono. Anali atakalamba bwinobwino, ukalamba wonse wathunthu, wa munthu amene anabwerako, anakwatira, anakangana ndi ana ake, anadandaula za msana. Ndinali ndisanayerekezepo kumuganizira atafika pamenepo. Maganizo anga onse ankathera pa Lamulungu lija la foni yomaliza.

Amuna anga anatsegula maso, anaona nkhope yanga, anachita mantha.

"Mwandicheka?" anafunsa, akukweza dzanja kuti akhudze.

Ndinaligwira dzanjalo n'kulibwezera pabondo. Ndinakoka mpando wina n'kukhala patsogolo pawo, mawondo athu akugundana. Kumsewu basi ya madzulo inaima, inaliza hutala kuitana okwera, kenako inanyamuka.

"Musalankhule," ndinatero. "Ingokhalani choncho, ndimuone kaye."